Ulendo wa ku Northern Neck, kwawo kwa Colonel Robert Carter

Lolemba, 13 Okutobala, Fredericksburg

Tanyamuka ku Silver Spring, ku Maryland, dzuwa litapendeka kale. Alamu anaweruka m'mamawa ku ntchito yawo ya usiku, ndipo achemwali anabisa makiyi a galimoto mpaka munthu atagonako. Zotsatira zake talowa mumsewu wa I-95 nthawi imene ogwira ntchito ku Washington akubwerera m'makwawo, ndipo mtunda umene alamu ankati ndi wa ola limodzi watidyera madzulo onse. Petulo tathira pa madola atatu ndi masenti ochepa pa galoni. Ndinayamba kuwerengera m'makwacha, alamu n'kundiletsa kuti ndikapitiriza khalidwe limenelo sindidya kanthu kuno.

Tikupita kukaona malo a munthu amene anamwalira mu 1732. Dzina lake Robert Carter, mzungu wobadwira konkuno ku Virginia dzikoli lili m'manja mwa Angelezi. Anali mwini minda ya fodya, mwini akapolo, komanso Colonel wa gulu lankhondo la maboma awiri. Anthu ankamutcha King, ena momusilira, ena pomunena kudzikuza.

"Alamu, anzanu akabwera ku America amapita ku New York kukajambulitsa. Inu mukufuna manda?"

Ndawayankha kuti bambo anga anali tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ine ndinakula ndikusoka fodya m'chigafa, ndipo zaka zonse zimene ndaphunzitsa mbiri ku sekondale ndakhala ndikulakalaka kuona kumene ulimi wa fodya wa mabwana unakhwimira. Iwo anangoti, "Bola petulo akhale wanu."

Chipinda tachipeza cha madola 95, kenaka pa kauntala awonjezerapo msonkho umene pa chikwangwani panalibe. Tadya mpunga ndi nkhuku ya m'kontena, yozizira. Mtsinje wa Rappahannock pano ndi wochepa, wa miyala. Sitima zakale zinkathera pano.

Lachiwiri, 14 Okutobala, Kilmarnock

Msewu wa Route 3 ukangochoka ku Fredericksburg, phokoso limatha. Nkhalango za paini, matchalitchi ang'onoang'ono oyera, minda yosalala. Tadutsa chikwangwani cholozera kumene anabadwira George Washington osakhota. Fodya sindinaone ngakhale tsamba limodzi. Kuli soya ndi chimanga chouma chikadali chiimire m'munda, popanda mlonda, popanda msasa. Alamu, amene akhala kuno zaka zambiri, akuti chimenechi chimawadabwitsabe.

Dera limeneli, lotchedwa Northern Neck, ndi kamtunda kotalika pakati pa mitsinje iwiri, Potomac kumpoto ndi Rappahannock kummwera. Mu 1649 Charles II wa ku England, ali kothawira bambo ake atadulidwa mutu, anapatsa anzake asanu ndi awiri malo onse apakati pa mitsinjeyi mpaka kumene imayambira. Malowo anali asanawaonepo, ndipo nthawi imeneyo ngakhale mpando wachifumu analibe. Anali maekala opitirira 5 miliyoni. M'kupita kwa zaka, kudzera m'maukwati, anathera m'manja mwa banja la Fairfax. A Fairfax ankakhala ku England, ndiye ankafunika munthu wa konkuno woti azipima malo, kupereka zikalata, ndi kutolera lendi ya mashiling'i awiri pa maekala 100 aliwonse pachaka. Ntchito imeneyi Carter anaigwira kuyambira 1702 kwa zaka pafupifupi khumi, n'kudzaitenganso mu 1722 mpaka imfa yake.

Chuma chake chagona pamenepo. Wotuma opima malo ndiye amayamba kudziwa kumene kuli dothi labwino. Carter ankalemba zikalata m'maina a ana ake ndi zidzukulu, ndipo pomwalira anasiya maekala pafupifupi 300,000, malo oposa boma lonse la Chiradzulu. Dyera linalipo, koma fodya nayenso ankakakamiza. Kopanda feteleza, munda wa fodya umaguga pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Ukatero umagwetsa nkhalango ina. Mwini esiteti amene ankafuna kuti mwana wamwamuna aliyense adzakhale bwana payekha ankayenera kukhala ndi thengo losungira zaka makumimakumi, ndi manja ogwetsa mitengoyo. Carter anabereka ana 15.

Ku Montross tadya nkhomaliro pa kamalo ka m'mbali mwa msewu: nsomba yokazinga, masamba a kolifulawa wa kuno amene amawaphika mpaka kufewa ndi nyama ya nkhumba, ndi chigumu cha chimanga chotsekemera kwambiri. Madola 14 munthu mmodzi, kuphatikizapo ya wopereka chakudya imene alamu akuti siyokakamiza koma ukapanda kusiya usadzabwerenso. Bambo wina wachikulire, wakuda, wa pa tebulo loyandikana nafe, anatimva tikuyankhula n'kufunsa kwathu. Malawi sankaidziwa, koma anatijambulira mapu pa kapepala kopukutira m'manja, kusonyeza njira ya pantoni imene foni siionetsa msanga. Potuluka tinapeza atatilipirira tiyi.

Madzulo alamu anati tikaone mtsinje. Kupitirira White Stone kuli mlatho wa Norris, wotsegulidwa mu 1957, wotalika pafupifupi makilomita atatu. Ndi wa mizere iwiri yokha, wopanda poimapo, ndipo pakati umakwera m'mwamba kuti sitima zizidutsa pansi. Mathiraki akubwera kutsogoloku, mphepo ikukankha galimoto. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri, maso pa mawondo. Kutsidya nditatsika ndi pamene ndinauona mtsinjewo bwino: Rappahannock wa dzulo uja, pano gombe linalo likuchita kuoneka mwa chizimezime. Sitima zochokera ku London ndi Bristol zinkalowa pano n'kukakocheza pa doko la Carter penipeni. Woyang'anira msonkho wa sitima zolowa mumtsinjewu analinso iye yemweyo.

Pobwerera mlatho unali womwewo. Palibe njira ina yapafupi.

Lachitatu, 15 Okutobala, Weems

Tchalitchi cha Christ Church chili patali ndi nyumba za anthu, pakati pa mitengo, mkati mwa mpanda wa njerwa. Kunja sichioneka chachikulu. Ukalowa ndi pamene khosi limapweteka. Makoma ndi ochindikala pafupifupi mita imodzi, mkati mwapakidwa njereza, mulibe magetsi, kuwala kumalowera m'mawindo ataliatali. Mipando yake ndi timipanda ta matabwa tokhala ndi zitseko, totalika moti ukakhala pansi mnzako wa mpanda winawo sumuona. Umangoona mlaliki, pa gome la nsanjika zitatu. Carter ndiye analipira zonse. Ntchito inayamba cha mu 1730, iye n'kumwalira isanathe, ana ake John ndi Charles n'kuimaliza mu 1735.

Mayi amene anationetsa malowa ndi wopuma pantchito, amagwira mongodzipereka. Atamva kuti ndine mphunzitsi anatisunga nthawi yaitali kuposa gulu limene linali patsogolo pathu, mpaka alamu anakakhala panja.

Pafupi ndi guwa, pansi, pali mwala wa manda a John Carter, bambo wa Robert. Iyeyu anachoka ku England cha mu 1635, n'kudzakhazikika pa mtsinje wa Corrotoman. Anakwatira kasanu, ndipo akazi anayi agona naye pansi pa mwala umodzi. Tchalitchi choyamba cha matabwa pamalo ano anamanga ndi iye. Anamwalira mu 1670 Robert ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo mu wilo analamula kuti amugulire mwanayo wantchito wodziwa Chilatini woti azimuphunzitsa. Kugula mphunzitsi. Ndinaseka ndekha, mayi uja n'kundiyang'ana. Kenaka mnyamatayo anatumizidwa ku London, kumene anakhala zaka zingapo m'nyumba ya wamalonda a fodya, kuphunzira mmene ogula amaganizira. Mkulu wake wa mayi wina atamwalira mu 1690, chuma chambiri cha banja chinagwera iye.

Maudindo anabwera motsatizana: phungu wa nyumba ya malamulo mu 1691, sipikala mu 1696, msungichuma wa dziko lonse la Virginia mu 1699, membala wa khonsolo ya bwanamkubwa, ndipo mu 1726 bwanamkubwa Hugh Drysdale atamwalira, Carter ndiye anagwirizira mpandowo mpaka William Gooch atafika mu 1727. Udindo wa Colonel wa maboma a Lancaster ndi Northumberland anaupatsidwa mu 1699.

Udindo umenewu ndi umene ndinabwerera, chifukwa m'kalasi ana akamva Colonel amaganiza za munthu wa ku Kamuzu Barracks. Sizinali choncho. Virginia inalibe asilikali olembedwa ntchito. Lamulo linkati mwamuna aliyense wachizungu amene si kapolo kapena wantchito wogulidwa alembetse m'gulu lankhondo la boma lake, akhale ndi mfuti ndi onga, ndipo pa masiku oikika azibwera ku perete. Wowalamulira sankasankhidwa chifukwa chodziwa nkhondo. Bwanamkubwa ankangoyang'ana amene ali ndi malo ambiri m'bomalo. Choncho mlimi wamng'ono amene Loweruka waima pamzere kulandira malamulo kwa Colonel Carter, Lamlungu amupeza ali mkulu wa mpingo, tsiku la khoti amupeza ali pa mpando woweruza, ndipo fodya wake wochepayo akagulitsa kudzera mwa iye yemweyo, amenenso ali naye ngongole. Ungakane pati?

Mfutizo zinkaloza ndani? Nthawi ya John Carter zinkaloza eni dziko. Mu 1654 nyumba ya malamulo inamusankha kutsogolera amuna a m'deralo kupita kwa anthu a mtundu wa Rappahannock, amene mtsinjewu unatengera dzina lawo. Anthu amenewa alipobe, ndipo mu 2022 anabwezeredwa kachigawo ka malo awo ku Fones Cliffs, kumtunda kwa mtsinje womwewu. Pofika nthawi ya Robert anali atakankhidwira kutali, ndipo Robert sanatchuke ndi nkhondo ina iliyonse. Mantha anali atasamukira m'minda. M'zaka za m'ma 1720 malamulo anapatsa gulu lankhondoli ntchito yoyendera nyumba za akapolo ndi kubalalitsa misonkhano yawo, makamaka pa Khirisimasi ndi Pasaka pamene ntchito imaima. Gulu lankhondo linasanduka alonda a katundu wa Colonel ndi anzake, ndipo ambiri mwa oima pamzerewo analibe kapolo ngakhale mmodzi.

Mayi uja sanabise zimenezi, ndimuyamikire. M'kanyumba kosungiramo zakale muli nkhani ya anthu awiri, Bambarra Harry ndi Dinah. Mu 1708 Carter anapempha khoti la Lancaster chilolezo chowadula zala zakumapazi chifukwa ankathawathawa, ndipo khoti linavomera. Lamulo linkalola. Patapita zaka pafupifupi 20, m'kalata yopita kwa kapitawo wake, analemba kuti njira imeneyi wachiritsa nayo anthu akuda ambiri matenda othawa. Analemba m'kalata ya malangizo a ntchito za pa esiteti, pakati pa nkhani zina za tsiku ndi tsiku.

M'kalata ina ya 1727 akufotokoza za anthu amene anangowagula kumene pa sitima. Akuti anawapatsa maina iye mwini, n'kuwabwerezera mpaka aliyense ankavomera akaitanidwa. Kaundula wa katundu wake atamwalira ali ndi anthu opitirira 700, esiteti ndi esiteti, pamodzi ndi ng'ombe ndi nkhumba. M'zolemba zake muli wina wotchedwa Madagascar Jack. Cha m'ma 1720 sitima zingapo zinabweretsadi anthu kuno kuchokera ku Madagascar, kuzungulira kumunsi kwa Africa konse. Mwa onse amene ndawerenga maina awo lero, ameneyu ndiye anachokera kufupi ndi kwathu, ndipo ndakhala ndikumuganizira tsiku lonse.

Kunja, kum'mawa kwa tchalitchi, kuli ziliza zitatu zazikulu za miyala yosema: Robert, mkazi wake woyamba Judith Armistead amene anamwalira mu 1699, ndi wachiwiri Betty Landon amene anamwalira mu 1719. Pa chiliza cha Robert pali Chilatini chambiri chomutamanda. Nkhani imene anthu a kuno amakamba ndi yoti wina anadzalemba ndi choko pamwala pomwepo kandakatulo konena kuti wagona apayu Mulungu anamutaya, anamutenga ndi Satana. Amakambanso kuti Lamlungu anthu ankadikira panja mpaka ngolo ya Carter ifike, iye alowe, ndiye ena atsatire.

Kuchokera pa tchalitchi kunali msewu wowongoka wa mikungudza mbali zonse, makilomita pafupifupi asanu, wokathera pakhomo pake ku Corotoman. Tapitako pa msewu wa lero. Palibe nyumba. Pali kapinga m'mbali mwa madzi, pakati pa nyumba za anthu opuma pantchito ndi maboti awo. Chinyumba chake chachikulu chinatha kumangidwa cha mu 1725, n'kupsa mu 1729, ndipo sanachimangenso. Anabwerera m'nyumba yakale, miyendo ikumuvuta ndi nyamakazi. Ofukula zakale anapezapo miyala ya mabo ya pansi ndi zidutswa za mabotolo a vinyo okhala ndi chidindo cha dzina lake.

Usiku alamu agula nkhono za mumtsinje, zimene kuno amazinyadira kwambiri. Zaziwisi ndakana. Zokazinga mu ufa ndadya, ndipo ndi zabwino, kungoti madola 22 pa mbale yosakhutitsa. Ndatopa, mapazi akuwawa.

Lachinayi, 16 Okutobala, Heathsville

Tatsata mapu a pa kapepala aja. Ku Merry Point msewu umangothera m'madzi. Pantoni yake ndi yaing'ono, yoyenda pa chingwe, yonyamula galimoto zochepa, ndipo ndi yaulere. Tinafika ili kutsidya, woyendetsa akuoneka kuti sakufulumira, ndiye tinazimitsa injini n'kumadya maapozi. Kuwoloka kwenikweniko ndi mphindi zowerengeka. Woyendetsayo anatifunsa ngati tasochera, popeza alendo ambiri amene amafika kumeneko amakhala atasochera.

Heathsville ndi kamudzi ka msewu umodzi, koma ndi likulu la boma la Northumberland. Pali khoti, kuseri kwake nyumba yakale ya alendo imene oweruza ndi a milandu ankagonamo. Pa 5 Sepitembala 1791, munthu wina wa zaka 63 anabweretsa ku khoti la pano chikalata choti chilembedwe m'kaundula. Anali Robert Carter III, mdzukulu wa King.

Bambo ake, Robert wachiwiri, anamwalira mu 1732, miyezi yochepa agogo ake asanamwalire, iye ali ndi zaka zinayi. Anakula n'kulandira maekala masauzande makumimakumi ndi akapolo mazanamazana. Anakwatira Frances Tasker wa ku Maryland, anabereka ana 17, anakhala m'khonsolo ya bwanamkubwa monga agogo ake. Anali munthu wa mabuku ndi zoimbira, ndipo maesiteti ake anawatcha maina a nyenyezi: Aries, Taurus, Gemini, Leo, mpaka onse. Mu 1778 anachita chinthu chimene anzake a tchalitchi cha Anglican anachiona ngati misala: anabatizidwa momizidwa mumtsinje wa Totuskey, n'kulowa mpingo wa Baptist wa Morattico, mmene ankapemphera ndi kudya mgonero limodzi ndi anthu amene iye anali mwini wawo. Mipingo ya Baptist ya anthu akuda ku Virginia inadzakula kwambiri, ndipo patapita zaka zoposa 100 ndi imene inali ndi sukulu ya ku Lynchburg kumene John Chilembwe anaphunzira.

Chikalatacho chinali ndi maina 452. Analembamo kuti kwa nthawi ndithu wakhala akukhulupirira kuti kusunga anthuwa mu ukapolo n'kosemphana ndi chipembedzo choona ndi chilungamo. Lamulo la 1782 ndi limene linatsegula mpata, chifukwa kuyambira 1723 mwini kapolo sankaloledwa kumasula munthu popanda chilolezo cha bwanamkubwa ndi khonsolo. Pamodzi ndi ana obadwa pambuyo pake, omasulidwa anapitirira 500. Palibe munthu wina mu America amene anamasula anthu ochuluka chotero ali moyo nkhondo yapachiweniweni ya 1861 isanachitike. George Washington analamula mu wilo yake kuti anthu ake 123 adzamasulidwe, iye atapita.

Alamu anati, "Ndiye uyu ndi woyera mtima wa banjali."

Sindikuvomera msanga. Sanawamasule tsiku limodzi. Anakonza ndandanda: akuluakulu 15 chaka chilichonse kuyambira okulirapo, anyamata akakwana zaka 21, atsikana 18. Mtsikana wa zaka zitatu mu 1791 anali ndi zaka 15 zodikira, ndipo mayi ake mwina anamasulidwa kale kapena ayi. Anthu amene anagwira ntchito moyo wawo wonse sanalipidwe zakale. Komabe anachita zimene anzake ankati n'zosatheka. Ena mwa omasulidwawo anawabwereketsa minda pa lendi, nthawi zina pokana azungu amene ankaifuna. Anansi anakwiya. Wina anamulembera kalata yopanda dzina kunena kuti kumasula akapolo n'chimodzimodzi kuyatsa nyumba yako podziwa kuti ya mnzako ipsa nayo. Ana ake ena anatsutsa poyera. Mu 1793 anachoka ku Virginia kupita ku Baltimore, kumene anamwalira mu 1804, atasiya ntchito yomaliza ndandandayo m'manja mwa mbusa wa Baptist, Benjamin Dawson. Mu 1806 Virginia inakhazikitsa lamulo loti aliyense womasulidwa kuyambira pamenepo achoke m'dzikomo chaka chisanathe.

Chimene chandigwira n'choti luso ndi lomwe lija la agogo ake. Dzina, zaka, esiteti, mzere ndi mzere. Banja ili linkalemba chilichonse.

Pali chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa msewu chofotokoza nkhaniyi. Tinaimapo tokha. Kenaka tinakagula masangweji pa sitolo ya pa filing'i siteshoni, chifukwa malo odyera anali atatseka 2 koloko.

Lachisanu, 17 Okutobala, Warsaw

Nomini Hall, kumene Robert wachitatu ankakhala, ili mkati mwa minda ya Westmoreland, pa timisewu topanda mzere pakati. Nyumba yakeyo inapsa mu 1850. Yotsala ndi mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa njira yolowera, ina ya nthawi yake yomweyo. Malowo ndi a eni, sitinalowe. Iye anaikidwa m'munda wa maluwa kumeneko, ndipo manda ake anakhala opanda mwala.

Ndinene zoona, ndinali ndi mantha. Amuna awiri akuda, galimoto ya nambala ya Maryland, itaima pa msewu wopanda anthu, zikwangwani zoletsa kulowa pa mtengo uliwonse, ndipo ino ndi nyengo ya alenje. Alamu sanazimitse injini. Pikapu ina inatidutsa, n'kuima, n'kubwerera chafutambuyo. Mtima unagunda. Anali mzungu wachikulire ali ndi galu, kufunsa ngati galimoto yawonongeka. Titamuuza chimene tabwerera, anatilozera poima pabwino poonera mitengoyo, n'kutichenjeza za agwape amene amadumphira mumsewu kukamada. Alamu anayamba kuyankhula titayenda makilomita angapo.

Pafupi ndi Warsaw pali Sabine Hall, nyumba ya Landon Carter, mwana wa King kwa mkazi wachiwiri. Nayonso ndi ya eni, zidzukulu zake. Landon analinso Colonel, wa boma la Richmond, ndipo anasiya buku la tsiku ndi tsiku la zaka zoposa 20, lodzaza madandaulo: mvula, mbozi za fodya, mwana wake wotchova juga, mpongozi wopanda ulemu, akapolo onamizira kudwala. Ankalemba mwaukali kuti mfumu ya England ikufuna kusandutsa anthu a ku America akapolo. Mu Novembala 1775 bwanamkubwa Dunmore analengeza kuti kapolo wa woukira boma akathawira kwa Angelezi n'kunyamula mfuti adzamasulidwa. Usiku wina mu Juni 1776, masiku ochepa America isanalengeze ufulu wake, amuna asanu ndi atatu a pa Sabine Hall anatenga mfuti za m'nyumba, zovala ndi boti, n'kupita. Mmodzi anali Moses, wantchito wa m'nyumba. Colonel wa gulu lankhondo la boma lonse anadzuka m'mawa n'kupeza mfuti palibe. M'bukumo akuoneka wodabwa zenizeni kuti anthu amene iye ankawapatsa mankhwala akadwala angamuchite zotere.

Tagona kuno. Chipinda chikununkha fodya wa anthu akale, madola 89.

Loweruka, 18 Okutobala, Shirley

Tawoloka Rappahannock pa Tappahannock, mlatho wofatsa, n'kutsikira kummwera mpaka mtsinje wa James. Msewu wa Route 5 uli ndi kanjira ka njinga m'mbali, anthu ovala zothina akupalasa popanda katundu aliyense pa keliyala.

Ana aakazi a King ndi amene anafalitsa magazi ake. Anne anakwatiwa ndi Benjamin Harrison wa ku Berkeley, esiteti imene ili pa msewu womwewu. Mwana wawo anasaina nawo chikalata cha ufulu wa America mu 1776, mdzukulu wawo William Henry Harrison anakhala pulezidenti mu 1841 n'kumwalira patatha mwezi umodzi, ndipo Benjamin Harrison wina wa mzere womwewo analamulira kuyambira 1889 mpaka 1893. Mary anabereka Carter Braxton, amenenso anasaina chikalata chija. Judith anapita kwa a Page ku Rosewell, Elizabeth kwa a Burwell. Ukatenga maina a m'khonsolo ya Virginia ya nthawi imeneyo, ambiri ndi pachibale kapena pachilamu.

Esiteti ya Shirley inalowa m'banjali mu 1723 pamene John, mwana wamwamuna woyamba wa King, anakwatira Elizabeth Hill, amene anadzalandira malowa mlongo wake atamwalira. Nyumba ya njerwa ya nsanjika zitatu inatha cha mu 1738, ili ndi chinanazi chosema pansonga pa denga ndi masitepe okwera opanda mzati wooneka. Mosiyana ndi Corotoman ndi Nomini, iyi sinapse ndipo sinagulitsidwe. Zidzukulu za Hill ndi Carter zikukhalabe m'zipinda zam'mwamba, alendo amaona zapansi zokha. Pakhoma pali zithunzi za makolo mzere wonse, ndipo wotionetsa anawatchula mmodzimmodzi osayang'ana pepala.

M'chipinda chochezera cha nyumbayi, mu 1793, zaka ziwiri chikalata cha ku Heathsville chitalembedwa, Anne Hill Carter anakwatiwa ndi Henry Lee. Bambo ake a Anne, Charles, anali mwana wa John, kutanthauza kuti Charles ndi Robert wachitatu anali ana a munthu ndi mng'ono wake. Mwana wa Anne ndiye Robert E. Lee, amene anatsogolera asilikali a kummwera pa nkhondo yofuna kusunga ukapolo mpaka anagonja mu 1865. Ali mwana ankabwera kudzacheza m'nyumba muno.

Ndinafunsa kumene akapolo ankagona. Wotionetsayo analoza kupyola minda, kutali ndi nyumba, ndipo anati khitchini ndi nyumba yochapira zimene zili pabwalopa ndi kumene ena ankagwira ntchito. Tinalowa m'khitchinimo. Mapoto achitsulo ake munthu mmodzi sanganyamule.

Pobwerera ku galimoto alamu anatulutsa malisiti a tikiti zathu ziwiri n'kuwayang'anitsitsa.

"Alamu, ndalama izi zapita kwa ndani?"

"Kwa eni nyumba."

"A Carter?"

"A Carter."

Anapinda malisitiwo n'kundipatsa kuti ndiwaphatikize ndi a petulo. Mawa usiku alowa ntchito, ndiye tikubwerera pa Route 301 kuthawa I-95, ngakhale kumeneko kulinso mlatho wina wautali pa Potomac umene sanandiuze mpaka titadutsa Bowling Green.